MABULEKI AKUMBUYO AKAMAKANA KUSIYA TAYALA

Alimi anzanga, mvula ikangotha khasu limapuma ndipo galimoto ndi imene imayamba ntchito. Kuyambira mwezi wa Epulo mpaka Ogasiti mlimi amene ali ndi galimoto yake sakhala pansi. Lero akututa chimanga kumunda, mawa akupita ndi soya kapena mtedza kwa ogula, mkuja walawirira mbandakucha kuthamangitsa tomato ndi kachewere ku Lizulu kapena ku Jenda. Nyengo imeneyi ndi imenenso matenda amene galimoto inatenga m'matope a dzinja amayamba kuonekera, ndipo amodzi mwa matendawa ndi mabuleki akumbuyo amene amagwira koma osafuna kusiya.

Ntchito yanga ndi ya mbewu ndi nthaka, koma poyendera alimi m'maboma osiyanasiyana ndimaona kuti phindu limene munthu walivutikira m'munda kwa miyezi isanu limatha kuthera pamsewu. Pa chifukwa ichi galimoto ndimaiwerengera pamodzi ndi ngolo, pampu ya madzi ndi sipuleya ngati chipangizo cha pamunda chimene mwini wake ayenera kuchidziwa. Phunziro la sabata ino ndi lakuti tisamagule chitsulo chilichonse tisanadziwe chimene chagwira. Malo amene amagwiritsa buleki yakumbuyo ndi anayi okha, ndipo munthu wodekha angathe kuwafufuza onse pabwalo pake m'mawa umodzi.

GALIMOTO ZIMENE TIKUKAMBA

Mabuleki akumbuyo alipo a mitundu iwiri. Mapikapu ambiri amene tinawazolowera monga Toyota Hilux, Isuzu KB ndi Nissan 1400 ali ndi mabuleki a diramu kumbuyo. Mukasuzumira pa rimu mumaona chitsulo chotseka chonga poto wovundikira. Koma galimoto zambiri zakale zochokera ku Japan ndi ku Ulaya zimene alimi akugula, monga Toyota Prado, Nissan X-Trail, Subaru Forester zambiri ndi Volkswagen Golf, zili ndi mabuleki a disiki kumbuyo komwe. Mukasuzumira mumaona mbale yachitsulo yonyezimira, ndipo m'mphepete mwake mwakhala chitsulo china chimene chaitsina uku ndi uku. Chitsulo chotsinacho ndi chimene amakaniko amachitcha kalipa.

Luso limeneli ndi lakale ndithu. Frederick Lanchester wa ku Birmingham analembetsa mabuleki a disiki m'chaka cha 1902, ndipo mu 1955 galimoto ya Citroën DS ya ku France inatuluka nawo kutsogolo. Ubwino wake ndi wakuti amazizira msanga kuposa a diramu. Kuipa kwake kwa ife alimi ndi kwakuti zonse zili pamtetete, moti matope, madzi ndi fumbi zimafika paliponse.

M'MENE KALIPA IMAGWIRIRA NTCHITO

Mukaponda buleki, mafuta a mabuleki amakankhidwa kudzera m'mapayipi mpaka kufika mu kalipa. M'menemo muli pisitoni imene imatuluka n'kukankha padi yamkati kuti ikhudze disiki. Nthawi yomweyo kalipa yonse imatsetsereka pa mapini awiri n'kukoka padi yakunja, motero disiki imapanidwa mbali zonse ziwiri ndipo tayala limaima.

Funso lofunika ndi ili: mukachotsa phazi, n'chiyani chimene chimabweza pisitoni? Mu mabuleki a diramu muli masipuling'i amphamvu amene amakoka zonse kubwerera m'malo. Mu kalipa mulibe sipuling'i yotere. Chimene chimabweza pisitoni ndi kamkombero ka rabala kamene kali mkati kotchinga mafuta kuti asatuluke. Pisitoni ikamatuluka kamkomberoko kamapindika pang'ono, ndipo mukasiya buleki kamawongoka n'kukoka pisitoni kamtunda kochepa kwambiri kosakwana ndi theka lomwe la milimita. Mphamvu ya kamkombero kameneka ndi yochepa zedi. N'chifukwa chake dzimbiri pang'ono, kapena girisi amene wauma pa pini, n'zokwanira kuti buleki ikanike kubwerera.

Mabuleki akumbuyo ndi amene amakonda kugwira kaamba ka zifukwa zitatu. Choyamba, ntchito yaikulu yoimitsa galimoto imachitika kutsogolo, choncho pisitoni yakumbuyo imayenda pang'ono ndipo chitsulo chosayenda chimachita dzimbiri. Chachiwiri, matayala akutsogolo amaponya matope onse kumbuyo. Chachitatu, handibuleki imagwira matayala akumbuyo, ndipo ili ndi kebulo ndi tizitsulo take timene natonso timatha kugwira.

CHIFUKWA CHAKE VUTOLI LIMAKONDA ALIMI

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Galimoto ya mlimi imawoloka mitsinje ndi madambo, imatitimira m'makande, ndipo nthawi zambiri imatsukidwa pamwamba pokha. Matope akauma pa tizipewa ta rabala totchinga mapini ndi pisitoni, rabalayo amang'ambika ndipo madzi amalowa.

Feteleza naye ndi mdani wa chitsulo. Urea, CAN ndi sulphate of ammonia amakoka chinyezi ndipo amadya chitsulo mofulumira, monga m'mene mumaonera pa khasu kapena wilibala imene yasiyidwa pafupi ndi matumba. Timibulu timene timatayikira m'buti kapena m'bodi timatsikira pansi pa galimoto pamene tikutsuka. Ena amasunga galimoto m'shedi imodzi ndi feteleza, zimene sizabwino.

Chinanso ndi kuimika galimoto nthawi yaitali. Alimi ambiri misewu ikaipa mu Januwale ndi Febuluwale amaimika galimoto milungu ingapo atakoka handibuleki. Mapadi onyowa amamatirira ku disiki, kebulo imachita dzimbiri ili chikokedwere, ndipo tsiku loti anyamuke handibuleki imatsika m'manja koma kutayala siimasula.

ZIZINDIKIRO ZAKE

Chizindikiro choyamba chimaonekera m'thumba. Mafuta amene kale ankakufikitsani kumsika ndi kubwerako amayamba kuthera panjira. Galimoto imamveka yolemera ngakhale ilibe katundu, ndipo mukaichotsa m'giya pamalo athyathyathya imaima msanga ngati wina akuikoka kumbuyo. Mukatsika mumamva fungo la chinthu chopserera kuchokera ku tayala limodzi, rimu yake imatentha kuposa inzake, ndipo imada ndi fumbi lakuda la mapadi. Nthawi zina pamamveka kulira kwa chitsulo kumene kumasiya mukaponda buleki pang'ono. Dziwani kuti buleki yakumbuyo ikagwira, chiwongolero sichikokera mbali kwambiri monga zimachitikira ikagwira yakutsogolo, ndipo ichi n'chifukwa chake anthu amayenda nalo vutoli miyezi osadziwa.

KUOPSA KWAKE

Kutha kwa petulo ndi mapadi ndi nkhani ya ndalama chabe. Choopsa ndi kutentha. Mafuta a mabuleki amamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono, ndipo akamwa madzi amawira msanga. Malinga ndi muyezo wake, mafuta a DOT 3 atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, koma akalowa madzi okwana magawo 3.7 pa 100 aliwonse muyezowo umatsika kufika madigiri 140. A DOT 4 amatsika kuchoka pa madigiri 230 kufika pa 155. Mafuta akawira amasanduka nthunzi, ndipo nthunzi siikankha pisitoni. Mukaponda, phazi limangofika pansi.

Tsono taganizani za galimoto imene yanyamula matumba 10 a makilogalamu 50, limene ndi theka la tani, ikuyamba kutsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti, kapena Chiweta, kapena mapiri a pakati pa Blantyre ndi Thabwa. Galimoto yabwinobwino imayamba mtsetse wotere mabuleki ali ozizira. Galimoto ya kalipa yogwira imauyamba mabuleki atatentha kale kuchokera kunyumba. Kutentha komweku kumasungunulanso girisi wa mu beringi ya tayala, ndipo beringi ikauma imatha kuphwanyika ulendo uli mkati.

KUYESA PAMSEWU

Yendani makilomita asanu pamsewu wosatsetsereka osaponda buleki kawirikawiri, kenaka imani pogwiritsa ntchito magiya ndi buleki pang'ono. Yandikizani kumbuyo kwa dzanja pa rimu iliyonse. Musakhudze disiki chifukwa ingakusupuleni khungu. Matayala awiri akumbuyo ayenera kufunda mofanana. Limodzi likatentha kwambiri, vuto lili pamenepo.

Beringi yakutha nayonso imatenthetsa tayala, choncho tiyenera kusiyanitsa. Beringi imalira ngati njuchi ndipo kulirako kumakula liwiro likamakwera. Mukakweza galimoto n'kugwira tayala pamwamba ndi pansi, nthawi zambiri limagwedera. Buleki yogwira siigwedeza tayala, imangolilimbitsa.

KUKWEZA GALIMOTO MOSAMALA

Sankhani malo olimba ndi athyathyathya. Ikani miyala ikuluikulu kapena zipika kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala onse awiri akutsogolo, chifukwa handibuleki ikhala yotsitsa ndipo giya ikhala pa nyutulo. Kwezani matayala onse awiri akumbuyo ndipo galimoto ikhale pa masitandi achitsulo kapena zipika zolimba za mtengo wachilengedwe. Musadalire jeke pokha, ndipo njerwa musagwiritse ntchito chifukwa zimaphwanyika mosachenjeza. Ana akhale kutali.

Zungulizani tayala lililonse ndi dzanja. Pa galimoto imene imakoka ndi matayala akutsogolo, tayala lakumbuyo liyenera kuzungulira mosavuta ndi kaphokoso kochepa ka mapadi. Pa galimoto yokoka ndi akumbuyo kapena ndi onse anayi, tayala limalemererako kaamba ka zitsulo zimene lalumikizana nazo, choncho yerekezani mbali ziwirizo. Mukapeza tayala lolimba, lichotseni n'kuyamba kufunsa mafunso anayi motsatana. Musadumphe funso, chifukwa ndondomekoyi ikuyamba ndi zosafuna ndalama.

FUNSO LOYAMBA: KODI NDI HANDIBULEKI?

Pa galimoto monga Golf, kebulo ya handibuleki imafika pa kalipa penipeni n'kukoka kamkono kachitsulo kamene kali kumbuyo kwake. Uzani mnzanu akoke handibuleki ndi kuitsitsa inu mukuyang'ana. Kamkonoko kayenera kubwerera kokha mpaka kukagunda pamalo pake poimira. Ngati katsalira panjira, kakankheni ndi dzanja kapena sikuludiraiva. Disiki ikamasuka, mwapeza dera la vuto. Tsopano kolowolani kebulo. Kamkono kakabwerera kokha, ndiye kuti kebulo ndi imene yachita dzimbiri mkati mwa chikopa chake. Kakakhalabe kouma, vuto lili mkati mwa kalipa.

Pa galimoto monga Prado, X-Trail ndi Forester zakale, handibuleki ili payokha. Pakati pa disiki pali kadiramu kakang'ono ndipo mkati mwake muli timashu tiwiri. Apa njira yake ndi kuchotsa kalipa yonse n'kuzunguliza disiki. Ikakhalabe yolimba kalipa palibe, ndiye kuti kalipa ilibe mlandu. Fufuzani kebulo, timashuto ndi masipuling'i ake, chifukwa m'kadiramu kameneka mumadzaza matope galimoto ikawoloka madzi.

FUNSO LACHIWIRI: KODI MAFUTA AKUBWERERA?

Ili ndi funso limene limapulumutsa ndalama zambiri, koma ndi limene anthu amalidumpha. Pondani buleki mwamphamvu kasanu n'kusiya, ndipo onani kuti disiki yalimba. Pamwamba pa kalipa pali kabawuti kobowoka kamene amakatcha nipo, kotulutsira mpweya. Kapukuteni, vekani kapayipi kolowera m'botolo, ndipo kamasuleni pang'ono chabe ndi sipanala yozungulira mutu wonse, imene nthawi zambiri imakhala nambala 8 kapena 10. Ngati kauma ndi dzimbiri musakakamize, kathireni mafuta omasulira mabawuti n'kudikira, chifukwa kamathyoka msanga.

Mafuta akatuluka mwamphamvu ndipo disiki n'kumasuka nthawi yomweyo, kalipa ndi yabwino. Chimene chachitika n'chakuti mafuta akupita koma akulephera kubwerera. Ngati ndi tayala limodzi lokha, wolakwa nthawi zambiri ndi payipi ya rabala imene imafika pa kalipa. Payipi imeneyi ikakalamba imafufuma kapena kusupuka mkati, kunja ikuoneka yabwinobwino. Phazi lanu lili ndi mphamvu yokankha mafuta kudutsa pothinapo, koma kamkombero kaja kalibe mphamvu yowabweza. Ngati matayala awiri kapena onse akugwira pamodzi, yang'anani kutsogolo. Mwina kathanki ka mafuta kadzaza kupitirira mzere wa MAX, mwina chopondera buleki sichikubwerera mpaka pamwamba, kapena pampu yaikulu imene amaitcha master cylinder yatsekeka. Za pampu imeneyi pitani nazo kwa makaniko wodziwa.

Mafuta akangodontha pang'ono ndipo disiki n'kukhalabe yolimba, mangani nipo. Vuto ndi la chitsulo, ndipo tipite ku funso lachitatu.

FUNSO LACHITATU: KODI MAPINI AKUYENDA?

Masulani mabawuti awiri ogwira kalipa, ikwezeni, ndipo imangirireni ku sipuling'i ya galimoto ndi waya. Musailekerere kulendewera pa payipi ya rabala. Kokani pini iliyonse ndi zala. Pini yabwino imalowa ndi kutuluka mofewa. Pini imene ikufuna pulayala kuti itembenuke ndi yogwira.

Mapadi amene mwachotsa ali ngati masamba a chimanga, amene amatiuza chimene chikusowa m'nthaka. Padi imodzi ikatha pamene inzake idakali yonenepa, ganizirani mapini kapena padi imene yakanirira m'malo mwake. Padi ikatha mopendekeka ngati nkhwangwa, pini imodzi yagwira pamene inzake ikuyenda. Mapadi onse awiri akatha mofanana koma a tayala linalo adakali atsopano, ganizirani pisitoni, payipi kapena handibuleki. Onaninso makutu a mapadi pamene amatsetsereka. Dzimbiri likamera pansi pa timalata timene ali pamenepo, limapana padi moti imachita kufuna hamala kuti ichoke. Padi yabwino imachoka ndi zala.

FUNSO LACHINAYI: KODI PISITONI IKUBWERERA?

Yang'anani kachipewa ka rabala kozungulira pisitoni. Kakang'ambika, dziwani kuti madzi analowa kale. Kenaka yang'anani nkhope ya pisitoni. Ngati ili yosalala kapena yobowoka ngati kapu, ikani padi yakale pamwamba pake n'kuikankha pang'onopang'ono ndi G-clamp. Iyenera kulowa mosalimbana nayo kwambiri. Koma ngati nkhope yake ili ndi timipata tiwiri kapena tinayi, imeneyo ndi pisitoni ya handibuleki ndipo mkati mwake muli mazinga ngati a bawuti. Imalowa poizunguliza uku mukukankha, pogwiritsa ntchito chida chake. Mukaipana ndi G-clamp mudzathyola zamkati, ndipo kalipa imene inali yabwino idzafuna kugula ina.

Galimoto zatsopano zimene handibuleki yake ndi kabatani zili ndi kamota ka magetsi kumbuyo. Zimenezi zimafuna kuti kamotako kabwezedwe kaye motsatira buku la galimotoyo kapena ndi kompyuta ya kugalaja. Safunsa anadya phula. Ngati yanu ndi yotere, musaiyambe nokha.

KUKONZA KWAKE

Mapini: apukuteni bwino, chotsani dzimbiri ndi bulashi yawaya kapena sandipepa wosalala, ndipo tsukaninso m'mabowo mwake. Pini imene yadyeka mpaka kuchita timaenje isinthidwe, pamodzi ndi tizipewa tong'ambika. Pakani girisi wa silicone kapena girisi wofiira wa rabala amene amagulitsidwa m'masitolo a zipangizo za galimoto. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Girisi wa ngolo, wa beringi kapena oyilo wa injini amafufumitsa rabala wa mabuleki, moti patapita miyezi yochepa pini imagwiranso kuposa kale. Pa chifukwa chomwechi musatsuke rabala ndi petulo, dizilo kapena parafini. Gwiritsani ntchito mankhwala otsukira mabuleki, sipiriti kapena mafuta a mabuleki atsopano. Girisi asakhudze nkhope ya padi kapena disiki. Fumbi la mapadi musaliuzire ndi pakamwa chifukwa limawononga mapapo, lipukuteni ndi kansalu konyowa.

Pisitoni: itulutseni popopa chopondera buleki payipi isanamasulidwe. Amene amatulutsa ndi mpweya wa kompuresa aike thabwa kutsogolo kwake ndipo zala zikhale kutali, chifukwa imatuluka ngati chipolopolo. Pisitoni yongoda ndi litsiro imatsukika. Imene yachita timaenje kapena yasupuka siikonzeka ndi sandipepa, idzadula rabala watsopano n'kuyamba kudontha. Gulani paketi yokonzera kalipa imene imakhala ndi kamkombero ndi kachipewa, ndipo palani dzimbiri lonse m'kangalande m'mene kamkomberoko kamakhala. Kalipa ya pisitoni yozunguliza ndi yovuta kuiphwasula, ndi bwino kuipereka kwa katswiri kapena kugula ina.

Mukamagula kalipa yakale yochotsa pa galimoto ina, tengani yanu kuti mukayerekeze. Yesani pisitoni ndi nipo musanalipire. Kumbukirani kuti ya kumanja ndi ya kumanzere n'zosiyana. Ikamangidwa, nipo iyenera kukhala pamwamba, chifukwa mpweya umakwera. Mukasinthanitsa, mudzapopa tsiku lonse buleki osalimba.

Kebulo ndi payipi: kebulo yadzimbiri mukaithira oyilo imamasuka kwa milungu yochepa chabe, mankhwala ake ndi kusintha. Payipi ya rabala ikaonongeka mbali imodzi sinthani zonse ziwiri popeza ndi zamsinkhu umodzi, ndipo ikani mawashala akopa atsopano.

Mapadi ndi disiki: mapadi amasinthidwa matayala onse awiri akumbuyo nthawi imodzi, ngakhale mbali inayo akuoneka abwino. Musadikire kuti atsike kupitirira mamilimita atatu. Amene apsa mpaka kunyezimira ngati galasi kapena kugumuka atayidwe. Disiki imene yachita ming'alu kapena yapyapyala kupitirira nambala imene inadindidwa m'mphepete mwake pafupi ndi zilembo za MIN TH isinthidwe, nayonso ziwiriziwiri. Ngati padi yamkati ili ndi kamutu kumsana kwake, tembenuzani pisitoni kuti kampata kake kalunjike pa kamutuko.

Pali chizolowezi china chimene ndimachipeza m'midzi, chopinda kapena kutseka payipi ya tayala lovutalo ndi msomali kuti ulendo upitirire. Kumeneku ndi kuyenda ndi mabuleki atatu pa galimoto yodzaza katundu ndi anthu. Alimi anzanga, tisachite zimenezi.

KUTULUTSA MPWEYA

Nthawi iliyonse imene mwamasula payipi kapena kuchotsa pisitoni, mpweya umalowa ndipo uyenera kutulutsidwa. Ntchitoyi ndi ya anthu awiri. Wina amapopa katatu n'kugwira phazi pansi, inu mumamasula nipo, mafuta ndi thovu n'kutuluka, mumamanga, ndipo pamenepo ndi pamene mnzanuyo amachotsa phazi. Bwerezani mpaka mafuta atuluke oyera opanda thovu. Pa galimoto zambiri amayamba ndi tayala limene lili kutali ndi pampu yaikulu, koma tsatirani buku la galimoto yanu. Kathanki kasatsike kupitirira mzere wa MIN.

Thirani mtundu wa mafuta umene walembedwa pa chitsekerero cha kathanki, kuchokera m'botolo losatsegula. DOT 5 ndi wa mtundu wina ndipo sasakanizidwa ndi DOT 3 kapena DOT 4. Madzi a sopo, mafuta ophikira kapena oyilo zisalowe m'menemo ngakhale zitavuta motani. Mafuta a mabuleki amasupula penti ndiponso ndi poizoni, choncho akalewo musawasunge m'botolo la zakumwa kapena kuwataya pamene pamafika ana, nkhuku ndi mbuzi.

Mukamaliza, popani buleki mpaka ilimbe galimoto isanasunthe, ndipo kokani handibuleki kangapo. Yesani pabwalo pa liwiro lochepa, kenaka bwerezani ulendo uja wa makilomita asanu n'kumvanso kutentha kwa marimu. Makilomita 200 oyamba pewani kuima mwadzidzidzi ndi katundu wolemera kuti mapadi atsopano akhazikike.

ZIKAKUCHITIKIRANI PANJIRA

Mukamva fungo kapena kuona utsi ku tayala, patukani pamalo opanda udzu wouma. Zimitsani injini, ikani galimoto m'giya, tsekerani matayala ndi miyala, ndipo musakoke handibuleki pa disiki yotentha. Musathire madzi chifukwa disiki ingapindike kapena kung'aluka. Dikirani theka la ola kapena kupitirira apo. Ikazizira, bwezani kamkono ka handibuleki ndi dzanja ndipo gogodani kalipa pang'ono ndi mtengo. Tayala likamasuka ndipo buleki ikulimba bwino, yendani pang'onopang'ono kufika pa galaja yapafupi. Ngati kutsogolo kuli mtsetse waukulu, kapena phazi likufika pansi, musapitirire. Tomato akaonongeka mudzabzala wina.

KALENDALA YA MLIMI

Ndi bwino kumangirira chisamaliro cha mabuleki ku ntchito za kumunda kuti tisaiwale. Mu Epulo kapena Meyi, musanayambe kututa zokolola, chotsani matayala, tsukani matope, pakani mapini ndipo onani mapadi. Mu Okutobala, pamene mukukonza mizere ndi kugula mbewu, yang'anani tizipewa tonse ta rabala kuti mvula ipeze potseka. Mukamaliza kunyamula feteleza, sesani galimoto isananyowe, kenaka tsukani pansi pake ndi madzi ambiri. Mukawoloka mtsinje, yendani kamtunda pang'ono mutaponda buleki mopepuka kuti iume. Mafuta a mabuleki asinthidwe pa zaka ziwiri zilizonse, monga amalangizira opanga galimoto ambiri.

Galimoto ikamaima milungu yambiri, isiyeni m'giya pamalo athyathyathya, ikani zipika ku matayala ndipo handibuleki ikhale yotsitsa. Kamodzi pa sabata iyendetseni ngakhale pabwalo pomwepo mukuponda buleki. Koma pamene galimoto ikuyenda tsiku ndi tsiku, handibuleki muziigwiritsa ntchito, chifukwa kebulo yosakokedwa ndi imene imauma. Potsika phiri ndi katundu lowetsani giya yaikulu mphamvu kuti injini ithandize, ndipo musapitirire kulemera kumene opanga galimoto analemba.

Kwa inu amene simugwira sipanala, phunziroli likuthandizani polankhula ndi amakaniko. Akakuuzani kuti mugule kalipa, afunseni mwaulemu ngati ayesa handibuleki, ngati amasula nipo kuti aone payipi, ngati mapini akuyenda, ndiponso ngati pisitoni yakanadi kubwerera. Apempheni akuonetseni chitsulo chimene chaonongeka ndi girisi amene akufuna kupaka. Makaniko wodziwa ntchito yake sakwiya ndi mafunso otere. Nthawi zambiri mudzapeza kuti chimene chimafunika ndi kachubu ka girisi, kebulo kapena payipi imodzi, ndipo ndalama ya kalipa idzatsala yogulira mbewu ya chaka chamawa.